Ndinatsuka Umboni wa a Nambewe

Ntchito yanga yoyamba inapezeka pamaliro. Apo n'kuti nditakhala pakhomo kwathu ku Mpingu zaka ziwiri chilembereni mayeso a Folomu 4, ndikungosankha fodya wa anthu ndi kusenda mtedza, satifiketi ili phee m'sutikesi pamodzi ndi zovala za ku tchalitchi. Bambo anga anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo. Pamaliro a msuweni wawo anakumana ndi a Kamwendo, munthu yemwe bambowo anamuphunzitsa ku pulayimale kalekale. Tsopano a Kamwendo anali manijala wa filing'i ina, malo ogulitsira mafuta a galimoto, pa tredingi senta ya kupitirira Nsaru. Dzina la malowo sinditchula, poti eni ake anasintha ndipo amene alipo lero alibe mlandu.

Pochokera kumanda bambo anangoti, "Ndili ndi mtsikana pakhomo, dzina lake Linesi. Masamu amawatha ndipo si wakuba." A Kamwendo anavula chipewa n'kuyankha kuti, "Abwere Lolemba, aphunzitsi." Intaviyu yanga inali yomweyo.

Ndiyambe ndanena za kwathu, chifukwa popanda zimenezi simungamvetse chomwe ndinachita. Ine ndinakulira m'nyumba ya mphunzitsi wamkulu. Ikangomveka nkhani yoti oyendera masukulu akubwera, maphunziro ankaima masiku awiri. Ana ankasesa mpaka kuseri kwa zimbudzi, atsikana ankazira m'makalasi, ndipo miyala yonse ya m'mbali mwa njira inkapakidwa laimu. Mabuku ong'ambika ankabwera nawo kunyumba kwathu kudzawasunga pansi pa bedi. Abusa akamabwera kudzadyetsa mgonero zinalinso chimodzimodzi. Palibe ankati kumeneko n'kunama. Tinkati ndi ulemu, ndipo mlendo akapeza uve pakhomo manyazi ankagwira mtundu wonse. Ine ndinatengera zimenezi mopitirira muyezo, moti mpaka lero ndikaona chipepala pabwalo la munthu wina dzanja limandiyabwa.

Malo ogona ndinawapeza kwa a Nambewe, mayi wamasiye yemwe nyumba yake inali kumunsi kwa filing'i, potsetserekera kudambo. Anandipatsa kachipinda ka kuseri. Sabata isanathe anali atasiya kunditchula dzina, ankangoti "mwana wanga". Chuma chawo chonse chinali dimba ndi chitsime cha m'dimbamo. Chitsimecho anakumba ndi malemu amuna awo n'kuchimangira njerwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo sichinkaphwa ngakhale mu Okutobala. Madzi ake ndi omwe tinkamwa, ndi omwe ankathirira tomato, mpiru ndi anyezi zokagulitsa pamsika, ndi omwenso ankathirira nazale ya fodya m'mawa ndi madzulo. Ndikaweruka ndinkapeza atandisungira ndiwo m'kambale kovundikira. Ndikati ndilipire ankandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Anthu amaganiza kuti ntchito ya pa filing'i ndi kungogwira nozo ya pampu n'kuthira mafuta m'galimoto. Ayi ndithu. Patatha miyezi itatu a Kamwendo anaona kuti manambala sindiphonya, ndiye anandipatsa mtolo wa makiyi ndi ntchito ya dipu. Dipu ndi ndodo yaitali yolembedwa manambala, yoyezera mafuta m'mathanki okwiriridwa pansi. Umayeza m'mawa mapampu asanayambe kugwira ntchito. Umatsegula loko, kupukuta ndodoyo ndi kansalu, kenako kupaka kunsonga kwake mankhwala ena ofiirira omwe amasintha mtundu akakhudza madzi. Umaitsitsa pang'onopang'ono mpaka igunde pansi, osaiponya, chifukwa kuponya kumaboola thanki m'kupita kwa zaka. Ukaitulutsa umawerenga pomwe palekeza kunyowa n'kulemba. Galimoto ya mafuta ikabwera umatchinga malo, kuyandikiza chozimitsira moto, kumanga waya wa efi woteteza kuti pasathetheke moto, kuona ngati zomatira za pa mavavu sizinadulidwe, kenako kukha pang'ono m'ndowa kuti uone ngati mulibe madzi. Ukatero m'pamene umalola kuti alumikize paipi.

Zonsezi a Kamwendo anandiphunzitsa moleza mtima, ndipo sindingawanamizire kuti anali munthu wankhanza. Chimodzi chokha sanandiphunzitse. Pakona, pafupi ndi thanki ya dizilo, panali kachivindikiro kachitsulo kakang'ono ngati mbale, kokhoma ndi loko wadzimbiri. Nditafunsa anangoti, "Icho chisiyeni, n'cha mainjiniya." Koma kiyi wake anali pamtolo womwe uja.

M'chaka changa chachiwiri dizilo anayamba kuperewera pa dipu. Sikunali kuperewera koti munthu n'kudzidzimuka, koma kunkachitika tsiku ndi tsiku. A Kamwendo ankati ndi kutentha, tsiku lina ankati mwina maso anga. Ine ndinkavomera, poti iwo ndiwo anali odziwa.

Kenako tsiku lina la mu Seputembala a Nambewe anandiitanira kudimba. Anatunga ndowa n'kuiika padzuwa. Pamwamba pa madzi panali timaso ta mafuta, ngati pa msuzi wa nyama ya nkhumba.

"Tanunkhizani, mwana wanga. Kapena ndi mphuno zanga zaukalambazi?"

Sizinali mphuno zawo. Tiyi anayamba kumveka galimoto, ndipo mbande za pa nazale zinayamba kuchita chikasu m'mphepete. A Nambewe anavala chitenje chawo chabwino n'kukwera ku ofesi kwa a Kamwendo. Analandiridwa bwino kwambiri. Anapatsidwa mpando ndi botolo la chakumwa chozizira, n'kuuzidwa kuti mathanki athu ndi olimba, koma aone chigayo cha dizilo chomwe chinali mbali ina ya dambo, komwe ankangotayira oyilo wakutha pansi. Iwo sanakhutire. Anapita kwa mlangizi wa zaumoyo, mlangiziyo analembera ku boma, ndipo pakati pa Okutobala kunabwera kalata yoti oona za chilengedwe adzafika Lachinayi.

A Kamwendo sanaoneke wa mantha. Nkhani za anthu a boma ankazitha. Kawirikawiri ankapita ku tauni kumisonkhano komwe makampani a mafuta amakhala pansi ndi oyang'anira malamulo, ndipo ankabwerako ndi zipewa ndi timabuku. Ankakonda kutiuza kuti, "Anthu a boma sitilimbana nawo, timagwira nawo ntchito limodzi." Fayilo yawo inali yaudongo kuposa ya ku banki. Laisensi, makalata a ozimitsa moto, zonse zinali m'mapulasitiki. Lachitatu m'mawa anatisonkhanitsa n'kunena mawu ochepa chabe.

"Alendo akubwera mawa. Pamalo pano pawale."

Mawu amenewo anagwera mwana wa mphunzitsi wamkulu. Ndinamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu n'kuyamba kulamula anzanga ngati ndine mwini kampani. Tinakwecha pabwalo ponse ndi sopo wa ufa. Tinasintha mchenga wa m'zidebe zozimitsira moto. Tinakokolola dzenje lomwe limalekanitsa mafuta ndi madzi otsukira. Ine ndinasungunula laimu m'ndowa n'kuyamba kupaka miyala ya m'mphepete umodziumodzi, mpaka cha m'ma thuu koloko ndinafika pa kachivindikiro kaja. Kanali kakuda bii, ndipo pakati pa zoyera zonse zija kankanyansa. Ndinaona kuti sindingakapake bwino kali kotseka, ndiye ndinafufuza kiyi pamtolo n'kutsegula.

Fungo linandimenya kumaso. Pansi pa kachivindikiroko panali paipi yoimirira yolowa m'nthaka, kukula kwake kolowa dzanja. Ndinaunikamo ndi foni n'kuona chinthu chikunyezimira pansi. Ndinadula kabotolo ka pulasitiki, kumangirira bawuti kuti kamire, n'kukatsitsa ndi chingwe. Kanatuluka ndi madzi pansi, koma pamwamba pake panali dizilo wokwana zala zitatu.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, poti ndakhala ndikudzinamiza zaka zambiri. Ganizo loyamba linali loti ameneyu ndi dizilo wotayikira potsitsa mafuta, wangolowa apa, ndipo alendo akamupeza ationa ngati anthu auve. Koma panalinso ganizo lachiwiri. Nditadzutsa mutu ndinaona denga la a Nambewe kumunsi kuja, ndi masamba a nthochi za m'dimba mwawo, molunjika ndithu ndi pomwe ndinagwada. Mtima unagunda kamodzi. Ndinauletsa, n'kudziuza kuti zimenezo n'za mainjiniya, yanga ndi yoyeretsa.

Ndinakha mpaka msana kuwawa, ndikuthira mu mgolo wa oyilo wakutha. Dizilo atatha ndinathiramo madzi a sopo n'kukhanso. Kenako ndinathira madzi a pampopi, ndowa imodzi, yachiwiri, yachitatu, mpaka kabotolo kanayamba kutuluka ndi madzi oti munthu n'kumwa. Ndinali wokondwa, abale. Ndinkadziona ngati ndapulumutsa dzina la kampani.

A Kamwendo anandipeza ndikupaka laimu pachivindikiro. Anasuzumira mu mgolo, anayang'ana paipi, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Wakuuzani ndani kuti muchite zimenezi, a Linesi?"

"Palibe, bwana."

"Palibe wakuuzani," anabwereza motsitsa mawu. "Muzikumbukira zimenezo."

Sanandikalipire, sanandiyamikire. Dzuwa lisanalowe ndinaona mgolo uja ukukwezedwa pa ngolo, ukupita kwina. Pamenepo ndinadziwa kuti pali chobisika, chifukwa zinyalala wamba sazithawitsa pa ngolo.

Nditafika kunyumba ndinapeza a Nambewe akusita chitenje chawo ndi simbi ya makala, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Anati, "Mawa zioneka. Ndipo inu mumagwira komweko, mwana wanga, akakufunsani mukawauze zomwe mumaona." Ndinati chabwino. Ndiwo zomwe anandisungira tsiku limenelo sindinazimalize.

Lachinayi ndinapeza pa kachivindikiro paja pali ponyowa, ndowa ili pambali. Wina anali atawonjezeramo madzi ine ndisanafike. Sindinafunse.

Alendo anafika cha m'ma naini, awiri. Wotsogolera anali Mayi Nyirenda, munthu wamfupi wovala magambutsi, wosalankhula zambiri. Mnzawo wamwamuna ankangolemba ndi kujambula. A Kamwendo anali atayala nsalu patebulo la mu ofesi, mabotolo a zakumwa ali ndandanda. Mayi Nyirenda anamwetulira n'kuti, "Tiyambe taona kaye, zakumwa pambuyo." Anaona fayilo mofulumira. Anatsegulitsa mapampu n'kuunika kunsi kwake, anaona zozimitsira moto, anasuzumira m'dzenje lomwe tinakokolola dzulo lake. Kenako tonse tinatsetsereka kudimba.

Pa chitsime anatunga okha. Ananunkhiza, anathira madziwo m'timabotolo tagalasi tofiirira, kumata, kulemba, n'kuika m'bokosi la ayisi.

"Uyu ndi dizilo, amayi," anawauza a Nambewe. "Sindikufunika kudikira za ku labu kuti ndidziwe. Funso ndi loti akuchokera kuti."

Anakaonanso kuchigayo, ndipo kuseri kwake anapezadi dothi lakuda ndi oyilo. A Kamwendo ankangogwedeza mutu mwachisoni. Titabwerera pa filing'i, Mayi Nyirenda sanafunse njira. Analunjika pakona paja. Anthu anali atasonkhana kumpanda, a Nambewe ali kutsogolo ndi chitenje chawo chosita. Mayiwo analankhula mokweza kuti onse amve.

"Paipi iyi anaiika dala. Thanki ikamadontha pansi, mafuta amayamba kuonekera muno. Ndikawapeza, pampu ya dizilo ndiimata lero lomwe, ndipo thankiyi ipopedwa isanathe sabata."

Umu ndi momwe ndinadziwira ntchito ya chinthu chomwe ndinatsuka. Ndinaphunzira nditaimirira pagulu, makiyi ali m'manja.

Ndinatsegula loko. Mayi Nyirenda anatulutsa chubu choonekera mkati, chokhala ndi kampira kunsi komwe kamatseka madzi akalowa. Anachitsitsa ndi chingwe pang'onopang'ono kuti asavundule pamwamba. Chinatuluka ndi madzi oyera mbee. Anachikweza padzuwa, ananunkhiza, anachikhutchumula. Pamwamba panabwera kathovu pang'ono. Kenako anapsitsa chala pachivindikiro, chala n'kutuluka ndi laimu.

"Madzi a pansi pa nthaka, mwezi uno wa Okutobala, oyera chonchi, eti?"

"Timatsuka pabwalo pafupipafupi, mayi," anatero a Kamwendo. "Mwina amalowa."

"Makiyi amasunga ndani?"

"A Linesi."

Anatembenukira kwa ine. Maso awo sanali aukali, ndipo ndikanakonda akanakhala aukali.

"Achemwali, kodi munatsegulapo apa?"

Ndinatembenukira kwa bwana. A Kamwendo ankayang'ana kumsewu ngati akudikira basi. Kumpanda kuja a Nambewe anakweza mawu, "Ayankheni, mwana wanga, musaope."

M'mutu mwanga munadutsa zambiri. Ndinaona bambo anga akumva kutchalitchi kuti mwana wawo wagwetsa munthu yemwe anamupatsa ntchito. Ndinadziona ndikubwerera ku Mpingu kukasenda mtedza. Ndinaonanso apolisi, poti ndinkaganiza kuti chomwe ndinachita n'chomangitsa, ndipo mawu aja oti palibe anandiuza anali akulirabe m'makutu. Zonsezi zinali za ine ndekha. Za chitsime sindinaziganizire n'komwe.

"Ndinangopaka laimu pachivindikiro, mayi."

"Basi?"

"Basi."

Anandipatsanso mpata wina. A Kamwendo atalowa mu ofesi kukatenga chidindo, Mayi Nyirenda anabwera pomwe ndinkapinda chingwe chawo n'kunena chapansipansi, "Ine sindinabwere kudzagwira munthu, achemwali. Ndabwera kudzapeza pomwe pakudontha." Anadikira. Ine ndinati, "Ndamva, mayi," n'kupitiriza kupinda chingwe. Pa zonse za tsiku limenelo, chomwe chimandiwawa kwambiri ndi chimenechi. Kutsuka kuja ndingati kunali kusadziwa. Apa ndinali nditadziwa zonse.

Popanda mafuta m'paipi muja analibe pogwira kuti atseke malo. Analemba kuti thanki ya dizilo iyesedwe ndi akatswiri, n'kuuza mwini chigayo kuti aike simenti pomwe pamakhala injini ndi kusiya kutayira oyilo pansi. A Nambewe anawauza kuti asiye kumwa madziwo. Galimoto itanyamuka, a Kamwendo anatigawira zakumwa zija. A Nambewe anatsika kwawo mutu uli pansi, ndipo madzulo ake anandiuza kuti, "Ndiye kuti ndinawalakwira abwana anu. Mukandipepesere."

Kenako kunayamba makalata. Kampani inayankha mwaulemu kuti yalandira malangizo ndipo ikuthokoza. Inalembanso kuti akatswiri oyesa mathanki ndi ochepa, ali kutali, tipatseni nthawi. Nthawiyo itatha inapempha msonkhano wokambirana. Palibe kalata ngakhale imodzi yomwe inakana chilichonse. Ine ndi amene ndinkakatumiza ena mwa makalatawo, ndipo m'mawa uliwonse dipu inkandiuza kuti dizilo akupitabe pansi.

Mvula inagwa mu Disembala, yamphamvu. Madzi a pansi anakwera n'kunyamula dizilo yense yemwe anali m'nthaka. Anatulukira m'zitsime zina ziwiri za anansi, ndiponso m'ngalande za m'dimba mwa a Nambewe, momwe ankayandama poyera. Mbande za fodya zinali zitafa kale, moti chaka chimenecho sanawoke n'komwe. Pamsika anthu anayamba kunena za "tomato wa dizilo", ndipo ngakhale anyezi wokolola kale ankangomudutsa.

Mayi Nyirenda anabweranso mvula ili mkati, ulendo uno osalemba kalata. Anangotulukira m'mawa wina n'kundiuza kuti nditsegule kachivindikiro kaja. Chubu chawo chinatuluka chodzaza dizilo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Sanandifunse kanthu. Anangondiyang'ana kamodzi, n'kupita kukamata pampu.

Atafukula thanki anapeza kabowo kunsi kwake, kolowa msomali, molunjika pomwe ndodo ya dipu imagunda. Inali thanki yakale, ndipo amene ankayeza ine ndisanabwere ayenera kuti ankaiponya ndodoyo. Injiniya yemwe ankayang'anira ntchitoyo ndinamumva ndi makutu angawa akuuza mnzake kuti, "Ikanapopedwa mvula isanagwe, chitsime chija chikanatsukika. Pano dothi lonse lamwa." Sankadziwa kuti mtsikana yemwe akuwapatsira madzi osamba m'manja ndi amene anachedwetsa. Chitsime cha a Nambewe anachitseka ndi chisimenti chachikulu kuti ana asamatungemo. Kunabwera akuluakulu a kampani, analonjeza mjigo watsopano, koma mpaka ine kuchoka unali usanakumbidwe. A Kamwendo anawasamutsira kwina. Ife tinauzidwa kuti tidikire kunyumba mpaka malo adzatsegulidwenso.

Lero ndine supavaiza pa filing'i ina mu tauni, ndipo ndaphunzitsa achinyamata ambiri. Tsiku loyamba, asanagwire nozo, ndimawatengera pa kachivindikiro ka pakona. Ndimawauza ntchito yake, n'kuwatsegulitsa kuti anunkhize okha. Timatsegula sabata iliyonse, ndipo chomwe tapeza timalemba momwe chilili. Oyendera akamabwera ndimalola kusesa, poti kusesako sindingasiye, koma malo omwe iwo akudzayeza sakhudzidwa ndi munthu, ngakhale panyanse chotani. Woyendera si mlendo wodzacheza. Ali ngati dokotala, ndipo bala ukalibisa kwa dokotala wavulaza mwini bala. Ndinaphunziranso kuti bwana wochenjera sakuuza kuti ubise kanthu. Amangoti pamalo pawale, wofuna kusangalatsa n'kuchita zotsalazo yekha.

Masiku ano ndimamva pa wailesi za makampani ofuna kukumba mafuta pansi pa nyanja, akulonjeza kuti azigwira ntchito limodzi ndi oona za chilengedwe, azikumana pafupipafupi ndi kupereka malipoti. Za kukumbako ine sindizidziwa, ndipo sindikunena kuti onse ndi abodza. Koma chiganizo chimenecho ndinachimvapo. Yanga inali paipi ya pamtunda, m'mbali mwa msewu, pomwe woyendera anafika ndi galimoto n'kugwira ndi manja ake, komabe mtsikana mmodzi wa kabotolo ndi sopo anamulepheretsa ntchito miyezi itatu. Nanga pakati pa madzi, komwe woyendera angafike pokhapokha atakwezedwa boti la kampani yomweyo? Ine ndikamva zimenezi ndimangofuna kudziwa kuti wosunga makiyi kumeneko adzakhala ndani, ndipo ngati adzamuuze ntchito ya chomwe akutsegula.

Achinyamata ndikawafotokozera nkhaniyi, pamakhala mmodzi wofunsa ngati a Nambewe ndinawauza. Ndinawauza, koma tsiku lomwe ndinkasamuka, katundu ali kale pa njinga ya kabaza. Kunyumba sindinawapeze. Anali atapita kumjigo wa kusukulu, kuwoloka msewu n'kukwera chitunda, komwe tsopano ankatunga madzi akumwa, ophikira ndi ochapira. Ndinawapeza atadzaza ndowa yaikulu, akupinda nkhata.

Ndinagwada pambali pawo pamatope paja n'kunena zonse. Ndinanena za kabotolo, za sopo, za mgolo wa pa ngolo, za funso la Mayi Nyirenda. Ndinalira, ndipo ndinkayembekeza kuti andilalatira kapena kundimenya khofi, zomwe zikanandipepukitsa mtima. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa nkhata yomwe inali m'manja mwawo.

"Mwamaliza, a Linesi?"

Aka kanali koyamba kunditchula dzina chipitireni sabata yoyamba ija pakhomo pawo.

"Ndamaliza, amayi."

"Ndisenzetseni. Dzuwa lakwera."

Ndinati ndisenze ine mpaka kunyumba. Ndinali nditagwira kale ndowayo, koma iwo anachotsa dzanja langa modekha n'kuika nkhata pamutu pawo.

"Ayi, ndizolowere. Inu mukuchoka lero."

Ndinawasenzetsa. Anayamba kutsika chitunda pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa ndowa, lina pa chiuno, madzi akudonthera pamsana. Ndinaima pomwepo mpaka anawoloka msewu, koma sanacheuke.